Malata a Alamu Anga

Alamu anga a Alufeo anali munthu woti ukawapatsa chimanga chootcha, amayamba awerenga kaye mizere yake asanalume. Umbombo analibe ayi, koma mawa ankaliopa kwambiri mpaka ankaiwala za lero. Ine ndinkawaseka nazo zimenezi, poti mlamu ndi woseka naye, ndipo iwo ankangomwetulira n'kunena kuti, "Alamu, pakamwa panupa munadyera kambuzi."

Anabwera m'mudzi mwathu muno, m'munsi mwa phiri la Chongoni, mu 1968, kudzakwatira akulu anga a Magadalena. Kwawo kunali cha ku Bembeke, kwa Angoni, kumene mwamuna amapereka ng'ombe n'kutenga mkazi kupita naye kwa bambo ake. Iwo ng'ombe analibe, ndipo ife kuno sitilowola. Choncho analowa chikamwini. Anamanga kanyumba ka nsichi ndi dothi kuseri kwa nyumba ya amayi, n'kuyamba kulima munda wa akazi awo. Mkamwini kwathu kuno ndi mlendo, ngakhale atamerera imvi pamudzipo. Munda si wake, ana ndi a kuchikazi, ndipo tsiku limene ukwati watha amanyamula khasu ndi bulangete lake basi. A Alufeo ankazidziwa bwino zimenezi, ndipo sizinkawagonetsa tulo.

Mu 1971 analembetsa Wenela n'kupita kumigodi ku Joni. Anzawo ankabwerako ndi mawailesi, masuti ndi nsapato zosongoka, n'kumayenda m'mudzi ngati pansi pali mazira. Iwo anabwera ndi jekete imodzi, yomwe ija anapita nayo. Tinayamba kunong'onezana kuti ndalama anadyera kumeneko. Koma atabwerako ulendo wachiwiri, nthawi imene boma linaletsa za kumigodi, anadzuka m'mamawa kupita ku Dedza boma, ndipo madzulo tinangoona ngolo ikukwera chitunda, ng'ombe zili wefuwefu. Pangolopo panali malata makumi awiri ndi awiri, atsopano, owala moti sungayang'ane. M'mudzi monse munalibe nyumba ya malata, kupatula tchalitchi ndi nyumba ya aphunzitsi. Amayi anaimba nthungululu mpaka mawu anawathera, ndipo akulu anga ankangogwira pakamwa.

Tinadikira kumva hamala. Mlungu unatha, mwezi unatha. Malata aja a Alufeo anawalowetsa m'kanyumba kaja, n'kuwasanja pamitengo iwiri kuti asakhudze pansi, n'kuwapaka oyilo wakuda amene anapempha kuchigayo. Malatawo anatenga theka la nyumba. Banja lonse linkagona mbali inayo, mothinana, pansi pa denga la udzu.

"Nanga alamu, malatawa mwagulira makoswe?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Alamu, lata likakhala pansi ndi langa," anatero. "Ndikangolikhoma ndi msomali, lasanduka la mwini dothi. Ndidzakhoma kwathu, pamalo pa bambo anga, pamene palibe adzandiuze kuti nyamuka."

Chimene ankafuna ndi chitengwa, kuti awalole kutenga mkazi ndi ana kupita nawo ku Bembeke. Woti avomere anali achimwene athu a Damiano, eni mbumba. A Alufeo anapita kukapempha ndi tambala m'manja, mwaulemu wonse. A Damiano analandira tambalayo n'kuyankha kuti, "Tamva, alamu. Tikolole kaye." Titakolola anati amayi akudwaladwala, mwana wamkazi sangachoke. Amayi atamwalira anati maliro akadali aawisi. Ndinene zoona, ngakhale ndi achimwene anga: sankafuna kutaya khasu lamphamvu. A Alufeo ankalima kachewere ndi kabichi kudimba, ankakonza nkhokwe za mudzi wonse, ndipo pakagwa vuto lofuna ndalama, maso onse ankayang'ana kwa iwo. Mkamwini wotere ndani angamutsegulire njira?

Zaka zimenezo zinthu zinayamba kuthina. Feteleza ankakwera mtengo chaka ndi chaka, pamene chimanga kumsika wa boma chinkangokwawa. Kumsika wa Linthipe sunkalowa ndi dengu lako wopanda khadi ya chipani. Ngakhale udzu wofolera, umene kale tinkangomweta kuseri kwa mudzi, unasowa. Paliponse panasanduka minda, kudambo osaka mbewa ankatentha udzu usanakhwime, ndipo kunkhalango kunali mitengo ya paini ndi alonda. Anthu anayamba kugulitsana udzu pamtolo, chinthu chimene makolo athu akanamva akanaseka. Pawailesi ankatiuza tsiku ndi tsiku kuti munthu amafunika zinthu zitatu: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Ife tinkamvera zimenezo titakhala pakati pa mabeseni.

Nyumba ya akulu anga inkadontha kuposa zonse, chifukwa a Alufeo sankafuna kuwononga ndalama pa udzu wa nyumba imene ankati achokamo chaka chamawa. Ankangozika timitolo tiwiri titatu pamene paboola kwambiri. Mvula ikayamba, akulu anga ankathamanga ndi mbale, miphika ndi chidebe, kutchera madontho. Ndipo ndinaona ndi maso angawa, si zongomva: malata atafunditsidwa matumba a feteleza apulasitiki kuti asachite dzimbiri, mphasa ya ana ili chinyowere. Kuzizira kwa kuno inu mukukudziwa. Nkhungu ikatsika m'phirimu, dothi lonyowa silimauma mpaka Ogasiti.

Akulu anga anabereka ana anayi. Atatu tinakawasiya kumanda asanayambe sukulu, awiri mwa iwo ndi chibayo. Anatsala Jesinta yekha, woyamba kubadwa. Sindinganene kuti denga ndilo linapha anawo, poti ana ankafa m'nyumba zambiri masiku amenewo. Koma titabwera koika wachitatu, mtima unandiwawa mpaka nthabwala zinandithera. Ndinawapeza a Alufeo atakhala pakhonde, ndipo ndinawalankhula pamaso pa anthu.

"Mwasunga chitsulo, alamu, anthu mwataya. Malata anuwo akuitaneni bambo tsopano."

Anangoyang'ana pansi, manja ali pamutu. Amene anandiyankha ndi akulu anga, mawa lake, tikutsuka mbale za pamaliro.

"Iwe Velonika, pakamwa pakopo uzipasamala. Iwe unabadwira pano, udzafera pano, palibe adzakufunse kuti kwanu n'kuti. Mwamuna wanga akuopa kudzafa wopanda khomo lake. Ukuyesa anawa sakumuwawa?"

Koma mumtima sindinawakhululukire alamu angawo.

Chilolezo chinabwera mu 1983. Pofika nthawi imeneyo msana wa a Alufeo unali utayamba kuvuta, ndipo minda inali itachepa moti a Damiano ankasowa pogawira adzukulu awo. Anawaitana n'kuwauza kuti, "Alamu, mwatumikira mokwanira. Tengani banja lanu." A Alufeo anavala jekete ija n'kuuyamba ulendo wa ku Bembeke kukaona pomanga. Bambo awo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Anakapeza abale awo a kwa mayi wina atagawana malo onse, mpaka pamene panali khola. Anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, kenaka anawauza kuti, "Ife timayesa munakhazikika kwa akazi anu." Anawalozera kamalo ka miyala pamwamba pa chitunda, koti ngakhale mbuzi singapezepo chodya.

Anabwerako patapita masiku atatu. Sanafotokozere munthu aliyense kupatula akazi awo. Lolemba lotsatira tinangowaona akukumba dothi pachulu cha kumunda, chikombole chili pambali. Anaumba njerwa okha, chilimwe chonse, msana womwewo. Chaka chinacho anagulitsa njinga kuti agule nkhuni zootchera uvuni, poti kutola kunkhalango kunali kuitana milandu. Simenti sanaikwanitse, anamangira dothi. Koma inali nyumba ndithu, ya zipinda zitatu ndi mawindo amatabwa, pamalo pa akulu anga, pafupi ndi kanyumba kakale kaja, kamene kanasanduka khitchini.

Nthawi yonseyi akulu anga anali akutsokomola. Chinayamba ngati chimfine, kenaka anayamba kuonda, nsalu n'kumawazungulira kawiri. Kuchipatala cha mishoni anati ndi chifuwa chachikulu. Anawagoneka miyezi iwiri, anawabaya majakisoni, anabwerako akuoneka bwino, koma sanabwererenso mwakale. Ankakhala pamphasa padzuwa n'kumaonerera njerwa zikukwera.

Hamala tinaimva mu Okutobala 1985, patatha zaka khumi ndi chimodzi chigulireni malata aja. Apansi anali atadyeka dzimbiri m'mbali, koma anakwana. A Alufeo anakwera okha padenga pamodzi ndi kalipentala wa ku Linthipe, ndipo msomali uliwonse ankati akaukhoma, n'kuugwiragwira kaye. Mvula yoyamba inagwa masana, mu Novembala, ine ndili komweko. Itangoyamba, akulu anga anadzuka mwachizolowezi kufunafuna mabeseni, kenaka anaima pakati pa chipinda n'kuyamba kuseka. Phokoso la padenga linali loti simungamvane. A Alufeo ankalankhula, iwo n'kumakuwa kuti, "Sindikukumvani, bambo a Jesinta! Sindikumva chilichonse!" Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ine ndinali ndisanawaone akuseka chotero chimwalirireni ana aja, ndipo tsiku limenelo alamu anga ndinawakhululukira.

Itangodutsa Khirisimasi anagona osadzukanso. Anayamba kulavula magazi. Kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kutiuza kuti tipite nawo kunyumba, ndipo tonse tinamva tanthauzo lake. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta. Apa m'pamene a Damiano anafika ndi nkhani imene aliyense ankaiganiza koma osaitchula.

Kwathu kuno, nyumba imene mwafera mwini wake siisiyidwa chiimire. Maliro akatha, tsiku lometa, imagwetsedwa, mitengo ndi udzu n'kutenthedwa, kuti mzimu wa malemu usamabwerere pakhomo. Pa nyumba ya nsichi imeneyo sinali nkhani, chifukwa mwezi umodzi munthu wamanga ina. Ansembe ankaletsa mwambowu, ife n'kumavomera m'tchalitchi, koma kumudzi palibe ankalimba mtima kugona m'nyumba yotero. Ndipo panali pasanafe munthu m'nyumba ya njerwa ndi malata, poti iyi inali yoyamba.

A Damiano anakhala pampando pabwalo, a Alufeo pansi, ine ndili pakhonde ndikusenda kachewere.

"Alamu, mlongo wangayu mukumuona mmene alili," anatero a Damiano. "Tiwasamutsire kukhitchini. Zikachitikira uko, tidzagwetsa khitchiniyo, nyumbayi idzatsala ya Jesinta. Zikachitikira muno, ine sindingathe kuwaletsa anthu. Adzagumula zipupa, malata tidzagulitsa kwa alendo akutali. Palibe mwana wa mbumba ino adzagone pansi pake."

"Ndife akhristu, alamu," anatero a Alufeo.

"Ndife akhristu, inde. Nanga Jesinta akadzadwala mutu m'nyumbamo, anthu adzati chiyani? Mwamuna wake woti adzalowemo adzachokera kuti?"

A Alufeo anaimirira. Zaka zonsezo ndinali ndisanawamve akukweza mawu kwa achimwene, koma tsiku limenelo anawakwezera.

"Mkazi wanga wagona modontha zaka khumi ndi chimodzi chifukwa cha ine. Ndamulowetsa m'nyumba miyezi itatu yokha, ndiye mukuti ndimutulutse akafere kukhitchini ngati nkhuku yachitopa? Gumulani! Ikadzatha ntchito yake gumulani, njerwa ndinaumba ndine. Koma muno satulukamo."

A Damiano ananyamuka osatsanzika. Kuyambira tsiku limenelo a Alufeo sankachoka pakhomo. Kumunda kunamera udzu, iwo ali pampando pakhomo la chipinda, kuopa kuti akangotembenuka tiwanyamula akazi awo.

Koma zipupa zopanda simenti sizibisa mawu. Akulu anga anamva zonse. Tsiku lina ndikuwapukuta thupi anandigwira dzanja n'kundikokera pafupi.

"Velonika, Jesinta ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ine ndikapita, bambo akewa muwasudzula, apita. Munda mudzamuchepetsera, ndikukudziwani. Chimene ndingamusiyire mwana wanga ndi denga ili basi. Malata akwera mtengo kanayi chigulireni awa. Iwe ukuona ngati alipo wina m'mudzi muno adzagulenso?"

"Akulu, alamu sangalole."

"N'chifukwa chake ndikuuza iwe, osati iwo."

Ndinakana. Ndinakana masiku anayi, iwo osatopa kundipempha, mawu akunka nachepa. Lachinayi lina la mu Febuluwale kunacha ndi mvula yamvumbi, ija yosaleka. Akulu anga, amene anali atatha masiku atatu osadya, anaitana amuna awo n'kunena kuti akulakalaka buledi wa ku Linthipe ndi tiyi wamkaka. Nkhope ya a Alufeo inawala. Anayesa kuti kufuna chakudya ndiko kuchira. Anafunda thumba kumutu n'kuuyamba wapansi, poti njinga inali itapita kale, ndipo potuluka anandiuza kuti, "Alamu, ndakusiyirani. Muwayang'anire."

Atangozimiririka kuseri kwa minda, akulu anga anati, "Tiye." Jesinta ndinali nditamutuma kuchigayo. Ndinagwada pafupi ndi mphasa, iwo anakoloweka manja m'khosi mwanga, ndipo ndinawabereka kumsana monga ankandiberekera ine ndili mwana. Kuchoka pakhomo la nyumba kufika kukhitchini ndi mapazi makumi awiri okha. Ndinawagoneka pakona pamene ndinkaona ngati mpouma, ndinakoleza moto, ndinawafunditsa mabulangete onse awiri. Koma denga lija linali lisanafoleredwe zaka zitatu. Posakhalitsa madontho anayamba kugwera pabulangete, ndipo ndikawasuntha, ankawapezanso pomwepo.

A Alufeo anafika cha m'ma 3 koloko masana, atanyowa mpaka m'kati, buledi ali m'jekete. Ndinawamva akulowa m'nyumba yaikulu, akuitana, kenaka phee. Atatulukira pakhomo la khitchini sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada kuti awanyamule akazi awo, koma akulu anga anagwira nsichi ya chipupa ndi timphamvu tonse timene tinatsala.

"Ndisiyeni, bambo a Jesinta. Ndabwera ndekha. Nyumba ija munamanga bwino, isagwe."

A Alufeo anakhala chogwada nthawi yaitali. Kenaka anavula jekete ija, anaimirira, n'kuitambasula ndi manja awiri pamwamba pa nkhope ya akazi awo kuti madontho asawagwere. Anaima choncho, manja ali m'mwamba, madzi akutsikira m'zigongono. Ndinawapempha kuti ndiwalandire, koma manja sanatsitse. Akulu anga anatisiya dzuwa lisanalowe, Jesinta atangofika ndi ufa pamutu.

Tsiku lometa, anyamata anagwetsa khitchini ija n'kuitentha. Sinavute, inali yofooka kale. Nyumba ya malata inatsala, ndipo Jesinta akukhalamo mpaka lero ndi ana ake. Patapita mwezi akuluakulu anakhala pansi n'kuwasudzula a Alufeo monga mwa mwambo. A Damiano anawauza kuti atha kukhalabe ngati akufuna, koma anangonena poyeretsa pakamwa, ndipo a Alufeo anadziwa. Ku Bembeke kunalibe malo awo. Anamva kuti kumaesiteti a fodya ku Kasungu akulemba matenanti, ndipo anapita kumeneko ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu, msana uli wopindika. Anamwalira komweko patatha zaka zinayi, m'chisakasa cha udzu cha eni esiteti. Uthenga unatipeza ataikidwa kale.

Chiyambire tsiku la mvula lija anali asanandilankhule, ndipo ine ndinkawazemba. Koma m'mawa umene ankanyamuka ndinalimba mtima, ndinawanyamulira kamtolo kawo kuwaperekeza kumsewu. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanakonda akanatero. Titafika pamsewu waukulu analandira kamtoloko, anayang'ana kumene kunkachokera basi, kenaka anandifunsa motsitsa mawu.

"Alamu, tsiku lija, analemera?"

"Ayi, alamu. Anapepuka ngati mwana."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mukanandiuza," anatero. "Ndikanakana, ndikanalalata, koma pomaliza ndikanamunyamula ndekha. Zaka zonsezi sindinamuchitire chimene anapempha ngakhale chimodzi. Chomalizachi munandilanda."